Chiboliboli cha Rhodes ndi makomiti osatha: mayunivesite akuwamvadi ophunzira akuda?

NaPhiri wa ku Mowbray:
Abale pagulu pano, nkhani ya Oriel College ku Oxford yandikhala pamtima ndipo ndikufuna timve maganizo anu. Ophunzira anadandaula za chiboliboli cha mtsamunda Cecil Rhodes mu 2015, koleji inati chabwino tikhala miyezi 6 tikumva maganizo a anthu, koma kumvako kusanayambe nkomwe, Januwale 2016, anangolengeza kuti chiboliboli sichichoka. Nyuzi zakumeneko zinalemba kuti anthu achuma amene amathandiza kolejiyo anaopseza kuti abweza ndalama zawo zokwana mapaundi 100 miliyoni. Nde 2020 munthu wakuda George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku America, anthu atadzaza mumsewu wa High Street, akuluakulu a koleji yomweyo anatembenuka nkuti nafenso tikufuna chichoke, tikukhazikitsa komishoni. Komishoni inagwira ntchito pafupifupi chaka chathunthu, ambiri mwa mamembala ake anati chichoke, kenako Meyi 2021 koleji ikuti ayi nzodula komanso chilolezo cha boma nchovuta kupeza poti nyumbayo ndi yotetezedwa ndi malamulo. Anangoika kachikwangwani kofotokoza mbiri yake basi, mkuluyo adakali pamwamba pompo. Ine ndimaona ngati komiti imakhazikitsidwa pofuna kudikira kuti ana okwiyawo amalize sukulu azipita. Kaya inu mukuona bwanji.

Ankolo a ku Leeds:
Mwana wanga NaPhiri, ndikumva kupweteka kwako koma ine ndiyankhula mosapsatira. Mwala uja sunalepheretsepo mwana aliyense mayeso. Ndakhala kuno ku England nthawi yaitali, ana anga aphunzira kuno, chimene chimandisowetsa tulo ine ndi magiredi. Mu 2019 Universities UK pamodzi ndi bungwe la ophunzira la NUS anatulutsa lipoti lovomereza kuti ophunzira akuda ndi amwenye samapeza digiri yapamwamba mofanana ndi azungu, ndipo kwa akuda okha kusiyanako kunali kopitirira 20 pa 100 alionse, ngakhale uyerekeze ana amene analowa ndi magiredi ofanana kusiyana kumatsalabe. Chaka chomwecho mayi wina wofufuza, Nicola Rollock, anapeza kuti mdziko lonse lino mapulofesa achizimayi akuda analipo 25 okha. Zimenezi ndiye zofunika kuguba nazo mumsewu. Mphamvu zonse zija zinathera pa chiboliboli, akuluakulu anasangalala chifukwa mkangano wa mwala ndi wosavuta kuuzengereza kusiyana ndi mkangano woti mwalemba ntchito ndani.

Jere wa ku Chipata:
Ankolo ndi ulemu wonse, kwa ife a kuno dzina la Rhodes ndi Jameson si mwala chabe. Tauni yathu ino inkatchedwa Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson mnzake wapamtima wa Rhodes uja. Mu 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa, mwana wake Nsingo anaphedwa, ng'ombe zinalandidwa zosawerengeka, ndipo dziko lonse linapatsidwa dzina la munthu mmodzi, Northern Rhodesia. Ife tinachotsa mayina amenewo titalandira ufulu ndipo palibe amene anati tikufafaniza mbiri. Nde mwana wa kuno apite ku University of Cape Town (UCT) akalandire digiri yake mu holo yotchedwa Jameson Hall, mukuona ngati zilibe kanthu? Holo imeneyo anaisintha dzina mu Disembala 2018 kukhala Sarah Baartman Hall, koma sanasinthe mwa kufuna kwawo, anachita kukakamizidwa ndi ana.

Ngakhale inu a ku Malawi musaiwale, boma la Harry Johnston lija pachiyambi linkayendera mapaundi 10,000 pachaka ochokera ku kampani ya Rhodes ya British South Africa Company.

Mphunzitsi wa pa Dedza:
Zikomo aJere, za ndalama za Johnston zo ndi zoona, timaphunzitsa. Koma ine ndifunse ngati munthu wakutali ndi nkhaniyi. Ku Cape Town chiboliboli cha Rhodes cha pa UCT chinachoka eti? Nde chinasintha nchiyani chitachoka? Ndikufunsa zenizeni osati mwachipongwe.

NaPhiri wa ku Mowbray:
Aphunzitsi funso lanu ndi labwino ndipo likuyankhanso Ankolo. Ine ndinalipo tsiku limene anachichotsa, 9 Epulo 2015, anthu anadzaza masitepe onse mpaka ena kukwera pamakoma, kireni inachinyamula chitamangidwa malamba, chitathiridwa penti, nkuchitsitsira pa lole, ndipo chapafupi mtsikana wina waluso, Sethembile Msezane, anaima pamwamba pa kansanja atavala mapiko ngati mbalame ya ku Great Zimbabwe, kukweza manja kwa maola angapo dzuwa likuswa mtengo. Azimayi ena okolopa anali ataima kumbuyo ndi mayunifomu awo akulira. Kuchokera pa 9 Malichi pamene wophunzira Chumani Maxwele anathira chiboliboli chija zonyansa za mchimbudzi zimene anabwera nazo kuchokera ku Khayelitsha, panangodutsa mwezi umodzi basi. Mwezi umodzi! Pamene anthu anali atalemba makalata aulemu kwa zaka zambiri osayankhidwa.

Koma Ankolo, ana aja sanali kulira mwala wokha. Atalowa mu Bremner Building, maofesi a akuluakulu, nkuitcha Azania House, mndandanda wa zofuna zawo unali ndi zomwe mukunena zomwezo: mapulofesa akuda, silabasi, antchito a makontirakiti. Nthawi imeneyo mapulofesa akuda a ku South Africa pa UCT ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi ndipo wamkazi panalibe ndi mmodzi yemwe, patadutsa zaka 20 chithereni tsankho la apartheid. Mphunzitsi wa pa UCT Xolela Mangcu anali atalemba kale za zimenezi mu nyuzi, yankho la akuluakulu linali lakuti kupanga pulofesa kumatenga zaka zambiri, dikirani. Chiboliboli ndi chimene chinapangitsa kuti makamera abwere, makamera atabwera mpamene nkhani ya mapulofesa inamveka.

Ndipo nyumba ya Bremner yo ili ndi mbiri. Mu 1968 UCT inalemba ntchito Archie Mafeje, munthu wakuda, ngati lekichala wamkulu, boma la azungu litakwiya khonsolo ya yunivesite inabweza kalatayo, ophunzira mazanamazana anachita m'bindikiro mu nyumba yomweyo masiku 9. Mafeje sanapatsidwe ntchitoyo, ngakhale atayesanso m'zaka za m'ma 1990 sizinayende. Anamwalira mu 2007. Yunivesite inapepesa ku banja lake mu 2008. Zaka 40, munthu atagona kale kumanda. Nde mwana amene akuidziwa mbiri imeneyi mukamuuza kuti tsata ndondomeko, akukhulupirirani bwanji?

Bambo a Chisomo ku Philippi:
Ndilowepo pang'ono ine wosapita ku yunivesite. Ndimagwira ntchito ya m'munda kuno ku Cape Town. Chimene ndinaona ndi maso anga nchakuti anzathu amene ankakolopa ndi kulondera pa UCT kudzera m'makampani a kontirakiti analembedwa ndi yunivesite yeniyeni mu 2016, anthu pafupifupi 1,000, malipiro anakwera, ana awo anapeza mwayi wa fizi yotsika. Pangano lake linasainidwa Okutobala 2015 nthawi ya Fees Must Fall, zionetsero zokana kukwera kwa fizi, ana atagona panja limodzi ndi antchitowo. Mabungwe a antchito anali atalira nkhani imeneyi kuyambira kalekale osamveka. Nde amene akuti palibe chinasintha akafunse mayi amene tsopano ali ndi penshoni.

Koma ndinenenso china chimene chimandiwawa. Mwezi womwewo wa Epulo 2015 pamene chiboliboli chimagwa, ku Durban anthu akuda anzathu amatithamangitsa ndi zikwanje, boma la Malawi mpaka linatumiza mabasi kudzatenga anthu. Nde mukamati anthu akuda, ife a matchona timadzifunsa kuti kodi tilimo kapena ayi.

NaPhiri wa ku Mowbray:
Bambo a Chisomo mwakhudza pachilonda. Ana ambiri a Rhodes Must Fall, gulu limene linamenyera kuti chiboliboli chichoke, anadzudzula zachiwawa zija poyera, zimenezo ndinaziona. Koma ndi zoonanso kuti m'mayunivesite a kuno ku South Africa lekichala wochokera ku Malawi, Zimbabwe kapena Nigeria amakhala pakati, malamulo a zolemba ntchito samuwerengera mgulu la anthu oyenera kukwezedwa poti si nzika, koma pa chithunzi cha kalendala amamuika kutsogolo kuti anthu aone kuti akuda alipo. Ndipo anzathu a kuno amakwiya nazo, amati yunivesite ikubisala kumbuyo kwa alendo mmalo mophunzitsa ana a ku Langa ndi Gugulethu. Onse awiri ali ndi mfundo, amene amapindula ndi mkangano umenewo ndi akuluakulu omwe aja.

Mphunzitsi wa pa Dedza:
Chabwino ndamva. Nanga zowotcha zithunzi ndi basi zija? Ife kuno tinaona pa TV ndipo ambiri tinati ana awa apenga. Sukulu yanga ilibe ndi laibulale yomwe, kuona anthu akuwotcha katundu wa sukulu mtima unandipweteka zedi.

Jere wa ku Chipata:
Zinali Febuluwale 2016, ana anamanga chisakasa cha malata pakati pa kampasi ya UCT kusonyeza kuti ophunzira akuda ambiri afika kuchokera kutali koma malo ogona kulibe. Yunivesite inalamula kuti chichotsedwe, apolisi ndi alonda anachigwetsa, usiku womwewo zithunzi zinatengedwa m'mahositelo nkuwotchedwa, basi inapsa, ofesi ya mkulu wa yunivesite Max Price inaponyeredwa bomba la petulo. Ine sindingaikire kumbuyo zimenezo, zina mwa zithunzi zomwe zinapsa anajambula ndi munthu wakuda. Koma taonani liwiro lake. Chiletso cha kukhothi chinatengedwa m'masiku ochepa, ana anachotsedwa sukulu msangamsanga. Komishoni yofufuza za tsankho, imene anatsogolera Mosibudi Mangena, inadzatulutsa lipoti lake Malichi 2019, ndipo inapeza zomwe ana ankanena zija, kuti tsankho pa UCT lilipo ndipo linazika mizu m'kayendetsedwe ka zinthu. Chilango chimathamanga pa galimoto, chilungamo chimabwera wapansi.

Ankolo a ku Leeds:
Poti mwafika pamenepa ndiloleni nditchule dzina limene achinyamata simukonda kulimva, Pulofesa Bongani Mayosi. Dokotala wa mtima wodziwika dziko lonse lapansi, munthu wakuda, anakhala mkulu wa nthambi ya zaumoyo pa UCT mu 2016 zionetsero zili pachimake. Ana analowa mu ofesi yake, ena ankamutchula kuti wogulitsa mtundu. Anadwala matenda a nkhawa ndipo mu Julayi 2018 anadzipha. Banja lake linanena poyera kuti mawu achipongwe a nthawi ya zionetsero anamuvulaza kwambiri. Ine ndine bambo, ndikaganiza za munthu ameneyo misozi imalengeza. Tikamadzudzula akuluakulu tisaiwale kuti ana nawonso anavulaza munthu wawo yemwe, ndipo sindinamve kupepesa kokwanira.

NaPhiri wa ku Mowbray:
Ankolo sinditsutsa ngakhale pang'ono. Zomwe anamuchitira Pulofesa Mayosi zinali zoipa ndipo amene anatukwana aja ayenera kukhala nazo pamtima moyo wawo wonse. Chimene ndiwonjezere nchakuti gulu limene yunivesite inasankha kufufuza imfayo, lotsogozedwa ndi Thandabantu Nhlapo, linatulutsa lipoti mu 2020 ndipo linaloza zala mbali zonse ziwiri. Munthuyo anapempha kusiya udindowo koma anamunyengerera kuti apitirize, ndipo chithandizo chimene ankafunika sanachilandire mokwanira. Zimenezi zimachitika kwambiri, ana akakwiya akuluakulu amakankhira munthu wakuda mmodzi kutsogolo kuti akayankhule ndi anthu ake, mphamvu zosinthira zinthu osamupatsa, nde amalandira miyala kuchokera uku ndi uku. Ndikuona ngati kumulira koyenera nkufunsa kuti nchifukwa chiyani anasiyidwa yekha pamoto paja.

Tadala (nesi, chaka chachitatu):
Pepani akuluakulu ndakhala ndikungowerenga koma ndalephera kupirira. Ine ndikuphunzira unesi kuno ku England, dzina la sukulu sinditchula. Mu 2020 sukulu yathu nayo inalemba uthenga wokoma pa webusayiti kuti timaima ndi anthu akuda, mpaka pano ulipo. Chaka chatha ndili ku wodi yophunzirirako ntchito, wodwala wina anakana kuti ndimugwire, anati akufuna nesi wachizungu, zimenezo ndinazilandira poti munthu wodwala amayankhula zambiri. Chimene chinandipweteka ndi nesi wamkulu wondiyang'anira, anangondichotsa nkuika mnzanga, osanena kanthu, kenako pa fomu yanga analemba kuti ndimavutika kumanga ubale ndi odwala komanso kuti kayankhulidwe kanga sikamveka. Ndinakadandaula ku sukulu, anandiyitanira mu kachipinda, mayi wake anali waulemu kwambiri, anandipatsa tiyi ndi kapepala kokhala ndi nambala ya aphungu a zamaganizo, nkundifunsa ngati ndikutsimikiza kuti chinali chifukwa cha khungu. Kenako dandaulo langa analitumiza kwa munthu yemwe uja ndimamudandaulayo kuti ayankhepo, ndipo ndi yemweyo amene amayenera kusainira maola anga kuti ndipitirire. Ndinasiya kutsatira poopa viza yanga ndi fizi imene makolo anagulitsira munda. Mpaka lero mawu aja ali pa fomu.

Nde Ankolo mukamati magiredi, umu ndi mmene magiredi amatsikira, si kuti pali munthu amaima nkukuwa kuti ndimadana ndi akuda ayi.

Ankolo a ku Leeds:
Iwe Tadala mwana wanga, pepa kwambiri. Zimene wanenazi si iwe wekha. Bungwe loona za ufulu kuno, Equality and Human Rights Commission, linafufuza mayunivesite mu 2019 nkupeza kuti pafupifupi wophunzira mmodzi mwa anayi alionse osakhala azungu anachitiridwapo zachipongwe chifukwa cha mtundu wake, ndipo ambiri sanakanene nkomwe, pamene mayunivesite ankadzitama kuti madandaulo ndi ochepa ndiye kuti zinthu zili bwino. Ndikuuza zochita kumapetoku, usachoke.

Jere wa ku Chipata:
Nkhani ya Tadala ikundikumbutsa yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa. Meyi 2022 mnyamata wachizungu analowa mchipinda cha mnzake wakuda usiku nkukodzera mabuku ndi laputopu yake. Anachotsedwa sukulu miyezi iwiri yokha itadutsa, komishoni ya jaji Sisi Khampepe inakhazikitsidwa, lipoti linatuluka Novembala chaka chomwecho lonena kuti ophunzira ndi antchito akuda amadzimvabe ngati alendo pamalopo. Koma chinathamangitsa zinthu chinali vidiyo imene dziko lonse linaona. Ana a gulu la Open Stellenbosch anali atanena kale zomwezo mu 2015, za chiyankhulo cha Afrikaans m'kalasi ndi za miyambo ya m'mahositelo. Funso langa nlakuti amene alibe vidiyo ngati Tadala apite kuti?

Mphunzitsi wa pa Dedza:
Kodi palibe ndi imodzi yomwe imene inachita bwino? Ndinamva za yunivesite ya Glasgow.

Ankolo a ku Leeds:
Glasgow inayesetsa, tiyamikire. Mu 2018 anafufuza okha mabuku awo akale nkuvomera kuti analandira mphatso zochokera ku chuma cha ukapolo, mu 2019 anasaina pangano ndi University of the West Indies la mapaundi 20 miliyoni pa zaka 20. Odzudzula amati zambiri mwa ndalamazo nzoti zichite kufunidwa kwa opereka thandizo la kafukufuku, sizikutuluka mthumba la yunivesite. Komabe anavomera popanda kuwagwira pakhosi, zimene ena akukanika mpaka lero. Ku yunivesite ya Goldsmiths ku London ana anachita kukhala mu Deptford Town Hall masiku 137 mu 2019 kuti akuluakulu asaine zofuna zawo.

Mphunzitsi wa pa Dedza:
Chifukwa chimene ndikufunsira nchakuti ndili ndi mtsikana amene ndinamuphunzitsa, wamaliza digiri yoyamba, wanzeru zoopsa, akufuna kuyesa sikolashipu ya Rhodes poti Amalawi amaloledwa kupikisana nawo. Nditawerenga zonsezi ndikudzifunsa kuti ndimulimbikitse kapena ndimuletse. Si kudya ndalama za magazi kumeneko?

NaPhiri wa ku Mowbray:
Aphunzitsi mulimbikitseni, alembe ndithu. Chuma chimenecho chinachokera mu migodi ya Kimberley ndi ya golide ku Johannesburg ndi m'minda yolandidwa, agogo athu omwe anapita ku Wenela ndi ku Salisbury anathira thukuta m'chuma chimene anthu amenewa anayala maziko ake. Ntokozo Qwabe, mmodzi mwa oyambitsa Rhodes Must Fall ku Oxford, anali pa sikolashipu yomweyo ndipo atamunena kuti ndi wachiphamaso anayankha kuti iye akungotengako pang'ono pa zomwe zinabedwa kwa anthu ake. Nthawi yomweyo Chris Patten, amene anali chansala wa Oxford, ananena pa wailesi kuti ophunzira amene sakugwirizana ndi mtima womasuka pa zokambirana aganize zokaphunzira kwina, mawu amene ana ambiri akuda anawamva ngati akuuzidwa kuti kuno si kwanu. Ine ndimati apite, akakhale, akayankhule. Simukai Chigudu wa ku Zimbabwe anali mgulu la oyambitsa aja ali wophunzira, kenako anadzakhala mphunzitsi pa Oxford pompo. Samson Kambalu wathu ndi pulofesa kumeneko ndipo chiboliboli chake cha John Chilembwe atavala chipewa chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Chokhacho mumuuze asanyamuke akuganiza kuti uthenga wa pa webusayiti ndi umene akaupeze mkalasi.

Bambo a Chisomo ku Philippi:
Apite koma akafika azikapereka moni kwa okolopa ndi alonda, ambiri ndi anthu a kwathu konkuno ndipo ndi amene amadziwa zenizeni za pamalopo.

Ankolo a ku Leeds:
Tadala ndabwerera kwa iwe. Choyamba lemba zonse pamene ukuzikumbukira, tsiku, wodi, amene analipo, mawu enieni amene ananenedwa, ndipo sunga kope ya fomu ija. Usapitenso wekha mu kachipinda kaja, pita ndi mlangizi wa ku bungwe la ophunzira, ndi waulere ndipo sali pansi pa dipatimenti yako, ngati unalowa bungwe la anamwino la RCN kapena la antchito la Unison ngati wophunzira awuzenso. Dandaulo ulipereke molemba kudzera mu ndondomeko yeniyeni osati kungocheza, upemphe kuti wosainira maola ako asinthidwe nkhani ili mkati, ndipo chilichonse akuyankhe pa imelo. Akamaliza ayenera kukupatsa kalata yotchedwa Completion of Procedures, ndi kalata imeneyo ungapite ku Office of the Independent Adjudicator, ofesi yoima payokha yomva madandaulo a ophunzira, salipiritsa ndipo uli ndi miyezi 12 kuchokera tsiku la kalatayo. Chofunika kuona msanga ndi malire a nthawi yodandaulira pa sukulu yako, poti zinachitika chaka chatha akhoza kunena kuti wachedwa, nde ufotokoze molemba kuti unkaopa chifukwa munthuyo ndi amene ankasainira maola ako.

Tadala (nesi, chaka chachitatu):
Zikomo Ankolo, za kalata imeneyo palibe anandiuzapo. Mnzanga amene anamuika mmalo mwanga tsiku lija anandiuza kale kuti akhoza kuchitira umboni, ndimuyimbira usiku uno. Ndikalemba dandaulolo ndikutumizirani ku inbox muliwerenge kaye ndisanalipereke, komanso Aunt NaPhiri ngati mungalole ndikutumizireni inunso.

NaPhiri wa ku Mowbray:
Tumiza mwana wanga, ndiliwerenga ndikaweruka mawa. Uyikemonso mawu enieni amene analemba pa fomu aja monga mmene alili, usawafupikitse.